Nyoni za ku Lukanga zidziwa mtengo wa nsomba ise tikalibe kumva

Pa mbendera yathu pali nyoni. Pa ndalama ya pepala ili m'thumba mwanu, ngati mwezi ukalibe kukuthyolani, pali nyoni imodzimodziyo. Mwana aliyense wa Grade 3 angakuuzeni kuti ni nkhwazi, ndipo okonda bola adzaonjezera kuti ba polisi ali na timu ya dzina lomwelo. Manje yendani mu Kamushanga muno, funsani kuti ni angati anaionapo yamoyo, ili pa nchito yake yogwira nsomba. Zala za dzanja limodzi zidzakwana. Chonsecho nkhwazi sikhala ku Livingstone na ku Mfuwe chabe, kumene kupita alendo na makamera. Ikhala kuseri kwa nyumba yathu, ku Lukanga, kumene kuchokera nsomba yambiri imene tidyera nsima mu Kabwe.

Lukanga ili pafupifupi makilomita 50 kumadzulo kwa tauni yathu. Ena akuti ni dambo, ena akuti ni nyanja, ndipo onse sananame. Ni chithaphwi chachikulu cha mabango na udzu wautali, mkati mwake muli tunyanja twa madzi oonekera monga Suye na Chiposhye, na zisumbu pamene anthu anamanga midzi. Ukulu wake wolembedwa ni mahekitala 260,000. Mu 2005 inalowa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, uja wa pangano la Ramsar, tauni ya ku Iran kumene maiko anasainirana mu 1971. Mvula ikagwa maningi, Kafue isefukira mu Lukanga. Chilimwe chikafika, madzi abwerera mu Kafue pang'onopang'ono. Madzi ake ni osazama, dzuwa lifika pansi, zomera za m'madzi zikula bwino, tuzilombo tuchuluka, nsomba ziswana. Akatswiri a nyoni anapezako mitundu yopitirira 300.

Mwina muti, nanga ine wa pa barbershop, wa mu minibus, wa pa salaula, nyoni zinikhudza pati? Zikukhudzani pa mbale, mwandi. Nyoni za ku Lukanga zidya mumphika umodzi na ise, koma zeve zikhala pafupi na moto. Mphika ukayamba kupserera, ndizo ziyamba kumva fungo. Ise timva mochedwa, tsiku limene amai a pa msika atiuza kuti kamulu ka tunsomba tutatu kakwera futi.

Chodabwitsa ni chakuti mitundu yonseyi ikhala pa madzi amodzi osamalizirana chakudya. Nkhani ili pa mulomo na pa mwendo. Zili monga pa msika: wa tomato, wa malasha, wa kapenta, onse malo amodzi, koma aliyense na kasitoma wake.

Tiyambe na ba bwana. Nkhwazi sisebenza tsiku lonse. Ikhala pa mtengo, kapena pa chulu ngati mitengo kulibe, maso pa madzi. Ikaona nsomba yakwera pafupi na pamwamba, itsika chopendama, miyendo kutsogolo, n'kuitola monga munthu wotola chenji pa kauntala. Kunsi kwa mapazi ake kuli tuminga tumene tugwira nsomba yoterera. Kumira simira. Nsomba ikakhala pansi, yapulumuka. Ikagwira mulamba wolema kupambana mphamvu zake, iukoka pamwamba pa madzi, nthawi zina kuchita kupalasa na mapiko mpaka kumtunda. Mapiko akatambasuka afika mamita awiri, ndipo yaikazi ndiyo ikula kupambana yaimuna. Koma nikuuzeniko chimene ba ticha sanatiuze: nyoni ya pa mbendera ni kawalala. Ikaona inzake yagwira nsomba yabwino, iipitikitsa mpaka itaye, yeve n'kutola. Tuwana twa nyoni zina idya, olo chakufa chokha siikana. Za ndale sininakambe ine, mwaziganiza mweka.

Pansi pa madzi, pamene nkhwazi silowa, ni ofesi ya mphipi. Ni nyoni yakuda ija muona pa chitsa, mapiko ali tambasu ngati yayanika zovala. Na zoona yayanika. Nthenga zake zilowa madzi, za bakha sizilowa, ndiye chifukwa chake imira mosavuta n'kupitikitsa nsomba na mapazi monga nkhafi. Ikatuluka ifunika kuuma. Ili na msuweni wake wa khosi lalitali, amene akasambira thupi lonse libisika, kutsala khosi chabe monga njoka. Uyo sagwira nsomba na mulomo, aibaya ngati mkondo, aiponya m'mwamba, n'kuimeza kuyambira kumutu kuti minga isamuime pakhosi.

Mphipi na asodzi samvana. Asodzi akuti imaliza nsomba, ndipo ni zoona kuti imaba mu ukonde ikapeza mpata. Koma tiyeni tichite masamu a pa kantemba. Mphipi yaing'ono ya m'mabango, imene ndiyo ichuluka m'madambo monga Lukanga, thupi lake lonse silifika kilo imodzi. Chimene imeza ni tunsomba tung'ono, achule na tuzilombo twa m'madzi. Ikadya, ibweza: zitosi za nyoni zikagwera m'madzi ni fetilaiza, zimeretsa ndere na tuzilombo tumene tuwana twa mpende tudya. Nyoni izi na nsomba zakhala pamodzi zaka masauzande, nsomba osasila. Chimene chabwera manjemanje ni ukonde wa maso ang'ono. Wakuba amene tifuna sali na nthenga.

Pamwamba pa madzi oonekera pali kanyoni ka mawanga akuda na oyera, kamulomo kosongoka, kamene kaimirira m'mwamba malo amodzi monga helikoputa, kenaka phuu m'madzi. Azungu akuti pied kingfisher. Chifukwa kadziwa kuima mumphepo, sikafuna mtengo, kangasake pakati pa nyanja pamene tunzake situfika. Mukafuna kudabwitsa anzanu: kamuna kali na mizere iwiri yakuda pachifuwa, kakazi umodzi chabe, woduka pakati.

M'mbali mwa madzi ni mwa a miyendo itali, ndipo apa kutalika kwa mwendo ndiko kugawa malo. Wamkulu wa onse, goliath heron, atalika mita imodzi na hafu. Alowa pakati pamene ena angamire, aima chilili mwina ola lathunthu osagwedezeka, adikira nsomba imodzi yaikulu. Ndiye amene nkhwazi ikonda kulanda, chifukwa achedwa kumeza. Kakowa woyera wamng'ono wa mapazi achikasu alibe chipiriro chotero. Athamanga m'madzi a m'kakolo, avundula matope na phazi, chilichonse chothawa ajompha. Kuli ina ya mulomo wophwatalala monga supuni, imene iyenda ikusesa madzi uku na uku. Kuli dokowe wa mulomo wachikasu amene asaka mosaona, aviika mulomo wotsegula m'madzi akuda, chikamukhudza chabe watseka.

Koma amene nikonda ine ni kakowa wakuda. Uyu ni wochenjera wa mu komboni. Ayenda pang'ono, aima, atambasula mapiko kutsogolo n'kupanga ambulera, mutu mkati. Pansi pachita mthunzi. Tunsomba tuganiza kuti twapeza pobisala, tulowa tweka, ndipo yeve aona bwino chifukwa dzuwa silimuthobwa m'maso. Atola, apinda ambulera, ayenda futi masitepi angapo, atsegula. Amene munapitako ku aja olonjeza kuti ndalama yanu idzabala kawiri pa sabata imodzi, mthunzi uwu muudziwa.

Si zonse zidya nsomba, ndipo apa ndiye anthu ambiri asokoneza. Kuli dokowe wakuda amene mulomo wake sutsekeka pakati, usiya kampata ngati pulayasi yakutha. Chakudya chake ni nkhono zikuluzikulu za m'madzi. Alowetsa nsonga ya mulomo, adula kamnofu kogwira chigoba, atulutsa nyama, chigoba n'kusiya chosasweka. Mukapeza mulu wa zigoba m'mbali mwa dambo, dziwani kuti panali phwando lake. Musanamizidwe kuti ndiye athetsa likodzo. Nkhono za likodzo ni tung'ono maningi, ndipo mankhwala ake akali ku kiliniki.

Pa masamba a kakombo wa m'madzi payenda ka jacana, kofiirira, kachipumi kabuluu, zala zitalizitali zimene zikathandiza kuponda tsamba osamira. Katola tuzilombo na tunkhono. Nkhani ya m'nyumba mwake ingayambitse ndeu mu bar. Mkazi akhala na amuna angapo. Aikira mazira kwa uyu, apita kwa wina. Mwamuna ndiye afungatira, ndiye alera, ndipo ngozi ikabwera anyamula ana m'khwapa mwa mapiko, tumiyendo tuli lendelende. Ba tate ena mu Kamushanga amene sadziwa na giledi ya mwana wawo, kanyoni aka kakupambanani.

Zina tizipite mwamsanga. Katsekwe kang'ono kokongola, pygmy goose, kadalira njere za kakombo yemweyo. Abakha oliza mluzu adya njere za udzu, kambiri usiku, ndiye chifukwa muwamva akudutsa pamwamba mumdima. Kakowa wa ng'ombe asiya madzi, atsatira ziweto kutola ziwala zimene zadzidzimuka. Nantchengwa, amene agogo anatiopseza naye kuti ukapasula chisa chake uona malodza, chakudya chake ni achule na ana awo, ndipo chisa chake chimodzi chingasenze munthu. Mwina chiopsezo chija ndicho chamusunga mpaka lero. Ndipo dzinja likayandikira, cha mu October, kubwera anamzeze ochokera ku Europe, opanda pasipoti, kudzadya tuzilombo touluka pamwamba pa madzi n'kugona m'mabango.

Mlendo wolemekezeka wa ku Lukanga ni wattled crane, nyoni yaitali kupambana ma crane onse a mu Africa, yofika mita 1.75, ya khosi loyera na tunyama tuwiri tolendewera pansi pa chibwano. Pa dziko lonse zatsala zosafika 10,000, ndipo gawo lalikulu lili muno mu Zambia, makamaka ku Kafue Flats, ku Bangweulu na ku Liuwa. Na msinkhu wonsewo, chakudya chake chenicheni ni tumizu totupa twa udzu wa m'dambo, tumene ikumba m'matope ofewa na mulomo. Madzi akachuluka maningi siifikira. Akauma, dothi lilimba, mulomo sulowa. Ifuna madzi obwera pa nthawi yake na kupita pa nthawi yake. Iikira dzira limodzi kapena awiri, koma ilera mwana mmodzi chabe, ndipo ichita izi nyengo yozizira, madzi akayamba kuphwa, nthawi imodzimodzi imene anthu ayamba kutentha madambo. Moto umodzi wa munthu wofuna mbewa kapena msipu watsopano ungafafanize chaka chonse cha banja la nyoni iyi. Chilala monga cha 2024, chija chinatisiya mumdima na malaiti a maola owerengeka, kwa yeve ni njala yeniyeni.

Manje muone chifukwa nakamba kuti nyoni zidziwa mtengo wa nsomba. Iliyonse ipereka lipoti la gawo lake. Nkhwazi ikamba za nsomba zikulu za pamwamba. Mphipi na kingfisher zikamba za tunsomba tung'ono, tumene ndito mpende za chaka chamawa. Katsekwe kakamba za kakombo, crane ikamba za kayendedwe ka madzi. Imodzi ikasowa, funsani kuti chasowa m'madzi n'chiyani.

Zaka izi chimene chavutitsa Lukanga ni kaudzu koyandama kochedwa Kariba weed, dzina la sayansi Salvinia molesta. Kwawo ni ku Brazil. Dzina la Kariba kanalitenga chifukwa kanadzaza pa nyanja ya Kariba damu itangomangidwa, kumayambiriro kwa ma 1960. Sikafuna njere. Kachidutswa kothyoka kakhala chomera chatsopano, ndipo kukafunda kangachuluke kawiri sabata ikalibe kusila. Bwato kapena ukonde ungakanyamule kuchoka pa dziwe ili kupita pa lina. Kakayala mphasa yake pamwamba, dzuwa silifika pansi, zomera za pansi zifa, mpweya m'madzi uchepa, nsomba zithawa kapena kufa. Msodzi apalasa ola lonse pamene kale anali kupita mphindi zochepa, ukonde ubwera wodzaza masamba. Nkhwazi siona nsomba. Kingfisher alibe pogwera. Kakombo aphimbika, katsekwe kasamuka. Wosangalala ni jacana chabe, amene apeza kapeti yaulere. Pa nthawi ina udzu uwu unaphimba kupitirira hafu ya madzi a Lukanga.

Amene anaimirira kulimbana nawo ni anthu a nyoni. Kuyambira mu 2017 bungwe la BirdWatch Zambia, na thandizo la ndalama la Darwin Initiative ya ku Britain, pamodzi na maofesi a boma na asodzi a kumeneko, linayamba nchito yoti lithire m'dambo kachilombo kooneka ngati nankafumbwe, kotalika mamilimita awiri chabe, kochedwa Cyrtobagous salviniae. Nako kwawo ni ku Brazil. Kakakulu kadya nsonga zophuka, mphutsi zake ziboola tsinde mkati, udzu usanduka wofiirira, uwola, umira. Milisi yanu sikaikhudza, na rape sikadya, kadziwa Salvinia chabe. Njira iyi inayamba kuonetsa mphamvu ku Australia, pa nyanja ya Moondarra, mu 1980 na 1981, ndipo maiko ambiri aitengera. Siili yamsanga, ndipo kukazizira kachilombo kachita ulesi. Koma kuzula na manja kunalephera, pakuti uzula lero, mawa wabwerera. Ganizirani: anthu amene ena amaseka kuti angoyenda na mabainokyula kuyangana tunyoni ndiwo anabweretsa chida chotsegula njira za mabwato.

Udzu tingaunamizire Brazil. Ukonde ni wathu. Moskito neti imene kiliniki inapatsa mai wapakati ipezeka m'madzi, yosokedwa pamodzi na zinzake, ikukokolola zonse mpaka mazira. Kuli chikukula, chokoka pansi n'kupasula zisa za mpende. Kuli kutumpula, kumenya madzi kuti nsomba zithawire mu ukonde. Zonsezi lamulo likana. Likananso kusodza kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, nthawi imene nsomba ziswana, ndipo pa miyezi imeneyi wonyamula nsomba afunika pepala losonyeza kumene yachokera. Ni chapafupi kutukwana msodzi wa ku Waya, munthu amene nayenso ali na ana a sukulu na ngongole ya ukonde. Koma sakanalowa m'madzi usiku mu January kukanakhala kuti kuno ku tauni kulibe woitanitsa. Nsomba ya mu thumba la malasha, yobisidwa pansi pa mpando wa basi, ibwera chifukwa ise tiigula. Miyezi itatu ija nsomba ya m'madamu oweta ipezeka, nyemba zilipo, soya chunks sinaphepo munthu.

Kwatsala poizoni, ndipo ise a Kabwe sitifunika kuphunzitsidwa za chinthu chopha chosaoneka. Mugodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu, uja tonse timati lead, ukali mu dothi la ku Kasanda, Chowa na Makululu, na m'magazi a ana. M'madzi namo zili chimodzimodzi: mankhwala alowa mu tuzilombo, tuzilombo mu nsomba, nsomba mu nyoni, ndipo amene ali pamwamba ndiye asenza zambiri. Ku Kariba, m'ma 1980, ofufuza anapeza kuti DDT imene anali kupopera kuphera tsetse inapepukitsa zigoba za mazira a nkhwazi. Pa 18 February 2025 damu ya zonyansa za mugodi inang'ambika ku Chambishi, asidi analowa mu Mwambashi na mu Kafue, nsomba zinayandama zakufa, Kitwe inatsekeredwa madzi. Kafue imeneyo ndiyo idutsa pakhomo pa Lukanga. Pamwamba pa tcheni ichi sipali nkhwazi yeka. Pali na imwe, na foloko yanu.

Pali na poizoni wadala. M'madambo ena anthu aviika mbewu mu mankhwala a m'munda, amwaza pamene abakha na atsekwe adyera, m'mawa n'kutola mitembo. Nyama imeneyo siitayidwa, igulitsidwa. Munthu akakubweretserani bakha wa m'tchire wosula kale, wopanda bala la mfuti kapena la msampha, pa mtengo wokoma maningi, mufunseni kuti anafa bwanji. Akayamba kuyangana kumbali, musiyeni apite nayo. Ndipo imwe ba guy a malegeni, kakowa mumulasa pa dambo la kuseri kwa komboni alibe na nyama ya kukwana pa bani imodzi.

Amene mufuna kuona na maso anu, simufunika ndalama ya safari. Gwirizanani anayi kapena asanu, pezani wa ku Lukanga amene adziwa njira za m'mabango, pakuti mlendo asochera mosavuta mmenemo, ndipo mumulipire bwino. Miyezi ya May mpaka August njira ziyendeka, madzi akuphwa, nyoni zisonkhana pa madziwe otsala. Ngati Lukanga yatalika, kuli Mulungushi Dam, imene inatsegulidwa mu 1925 kuti ipereke malaiti ku mugodi wa Broken Hill. Kumeneko madzi ni akuya, ndiye a miyendo itali achepa, koma nkhwazi, mphipi na kingfisher mudzaziona. Fikani dzuwa likalibe kukwera, valani zosawala, sipika ya Bluetooth isale kunyumba. Madzi akumwa nyamulani anu, ndipo osaponda m'madzi chifukwa cha selfie: muli likodzo, muli na ngwena. Ofuna kuona anamzeze a ku Europe akutsikira m'mabango madzulo, pitani March ikalibe kusila. Mu April anyamuka, ndipo mudzadikira mpaka October.